Waya Wofiira Pansi pa Mpando

Pamene Makutu ankatulutsa galimoto m'galaja, misewu inali itagona kale. Mlonda wa pageti anadzuka pampando akuyasamula, nakoka chitseko chachitsulo uku akuseka.

"Bwana, anzanu akufunda mabulangete kunjaku, inu mwavula galimoto chipewa?"

"Ndikukayesa komaliza," anatero Makutu. "Ikakana lero, ndiye kuti yandigonjetsa."

Dzina la Makutu anam'patsa ndi anzake a kuntchito. Munthuyu ankamangirira mawayilesi ndi masipika m'magalimoto, ndipo ankatha kumva sipika yong'ambika ali tsidya lina la msewu. Koma galimoto iyi inamuvula ulemu. Inali yakalekale, yoyera, ya denga la nsalu lopindira kumbuyo, ndipo inali ya malemu bambo ake, amene anamwalira iye akadali m'mimba. Inakhala kuseri kwa nyumba itafunditsidwa lona, amphaka akuswerana pamipando yake, mpaka mwana anakula, namera ndi imvi zomwe, n'kuidzutsa.

M'wayilesi yake munali kaseti. Bambo akewo ankaimba ndi anzawo m'kagulu kosatchuka, ndipo anajambulitsa nyimbo imodzi yokha, yoimbira mkazi wawo. Kasetiyo sinatulukemo chilowetsereni. Mayi ake analetseratu: anailowetsa ndi dzanja lawo malemuwo, ikhale momwemo. Denga likakhala lotseka, mawu a woimbayo ankamveka ndithu, koma mozimiririka, ngati munthu akulankhula m'chipinda china. Ukangotsitsa denga n'kuyamba kuyenda, basi! Gitala ankatsala, zitsulo za ng'oma zinkatsala, koma woimba mwini wake ankapita ndi mphepo.

Ndipo nthawi inali itatha. Khutu limodzi la mayi ake linatseka kalekale. Linalo linkatsekanso pang'onopang'ono, ndipo mawa lake masana ankayenera kukagonekedwa kuchipatala kuti akalichite opaleshoni. Dokotala sanawabisire kuti mwina adzadzuka m'dziko lopanda phokoso. Mayiyo sanalire. Anangomuitana mwana wawo kukhitchini, nam'gwira dzanja.

"Bambo ako anandilonjeza kuti tidzatsitsa denga, ndidzawamva akundiimbira mphepo ili kumaso. Sizinatheke. Undiyendetse m'mawa tisanapite kumeneko, ndiwamve kamodzi kokha."

Makutu anachita zonse zimene mmisiri angachite. Anaika masipika atsopano m'zitseko, namata mphira m'kati mwake kuti malata asamanjenjemere. Anabisa timasipika tina kuseri kwa motsamira mutu, pafupi ndi khutu penipeni. M'buti anakhazikamo ampulifaya yokweza mawu ndi bokosi la besi lotulutsa mawu akuya, ndipo kuseri kwa mipando anaimika kaukonde kodula mphepo. Chinthu chimodzi chokha sanachikhudze: mawaya ochoka kuwayilesi, amene bambo ake anayala okha pansi pa kapeti. Anali omangidwa bwino ndi timaulusi, mfundo iliyonse yofanana ndi inzake. Ndi chokhacho chimene ankachidziwa cha manja a bambo ake, ndipo mtima sunamulole kuchidula. Anangolumikiza zake kumapeto kwake, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, monga amachitira aliyense wa ntchitoyi.

Usikuwo unali wofewa modabwitsa. Magetsi a mumsewu ankadutsa pamwamba pa mutu wake limodzilimodzi, kenako anatha, n'kutsala mwezi wokha, uli mbee. Kunkanunkhira udzu wonyowa. Galimoto inkangoyandama, ndipo kutopa kwa masiku ambiri kunam'chititsa kuona ngati msewu ndi umene ukuyenda, iye ataima. Anakweza wayilesi. Gitala anabwera bwino kwambiri, chala chilichonse chikumveka pa nsambo. Anadikira polowera woimba... Kunangomveka kamthunzi ka mawu, n'kuuluka.

Anakwezanso mpaka galasi linayamba kunjenjemera. Ayi ndithu.

Msewu unatsetserekera kumtsinje, ndipo chifunga chinali chitagona pamlatho. Makutu anaima pakati pa mlathowo, nazimitsa injini, nasiya kaseti ikuzungulira. Anatsamira chipumi pachiwongolero. Anali ndi chisoni chachikulu, ndiponso manyazi. Iye amene anthu ankamutchula Makutu, alephere khutu limodzi la mayi ake?

Pansi madzi ankayenda mwakachetechete. Sakudziwa ngati anasinza.

"Iwe."

Anadzidzimuka. Pambali pa chitseko cha kumanzere panaima munthu. Phazi silinamveke, udzu sunagwedezeke, koma munthu anali pomwepo, atatsamira zigongono pachitseko ngati galimotoyo anaizolowera. Anali mnyamata wamtali, wa jekete la makolala aakulu lomwe masiku ano sulipezanso. Chipewa chinaphimba nkhope yonse, kungosiya chibwano chosalala chopanda ndi ndevu zomwe.

Makutu anayamba wakwiya asanaope. Kamnyamata aka, koti akanatha kukabereka, kamuitane kuti iwe?

"Achimwene, tikudziwana?"

Mlendoyo anapendeketsa mutu, kumvetsera chitseko cha kuno, kenako cha uko. Mawu ake atatuluka anali akuya, ochokera pansi pa chifuwa, osagwirizana ndi kuonda kwa thupilo.

"Akukangana."

"Ndani?"

"Uyu akamakankha, uyo akukoka. Woimba ali pakati. Ndiye amafera pakatipo."

Makutu anamva bwino lomwe zimene zinkanenedwa. Wa ntchito yake aliyense amadziwa kuti waya wa mbali imodzi ukatembenuzidwa, masipika amalimbana, ndipo mawu akuya ndi amene amayamba kufa. M'galimoto ya kasitomala aliyense iye ankayesa zimenezi ndi kabatire asanatseke chitseko. Koma muno sanayese.

"Mawayawo ali bwino," anatero mouma. "Ndinaona mitundu yake. Ndipo amene anawayala anali munthu wosamala."

Mlendoyo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wayamikiridwa pa chinthu cholakwika.

"Wosamala, inde. Koma wofiira ukalowa pansi pa mpando, sutuluka wofiira."

Kenako anatsegula chitseko, naponda phazi limodzi pakhomo pa galimoto, naloza pansi pa mpando wa kumanzere. Thalauzi linakwera pang'ono. Mwezi unaunika sokosi yofiira psu. Makutu anayang'ana phazi linalo, lomwe linali pansi pa msewu. Sokosi yake inali yakuda bii.

Akanaseka. Koma m'pamene anaona china.

Kunkazizira. Mpweya wake womwe unkatuluka ngati utsi. Pakamwa pa mlendoyo sipankatuluka kanthu.

Galimoto yonse inali itagwa mame. Pomwe panatsamira zigongono zija, mame anali osakhudzidwa.

Thupi linachita tsemwe. Anafuna kuliza injini, koma dzanja linakana kufika pakiyi.

"Ndinakumbukira ndili pano pomwe," anatero mlendoyo mofatsa, akuyang'ana madzi. "Ndinati ndikonza mawa."

Kaseti inafika kumapeto. Kwa! Inatembenuka yokha, n'kuyamba kulira sii...

"Fulumira, mwanawe. Kukucha."

Mpaka lero Makutu sadziwa chimene chinamuyendetsa. Anangopezeka atagwada pamsewu kumbali ya kumanzereko, tochi ili kukamwa, akusenda kapeti pansi pa mpando. Sanayerekeze kucheuka. Kumsana kwake kunali kuzizira kwina, kosiyana ndi kwa usiku, ngati wina watsegula chitseko cha fuliji. Kapeti inamatuka ndi fumbi lake lakale.

Apo! Mawaya anali olumikizidwa pakati, atakulungidwa ndi tepi yakale youma. Anaimasula. Ntchitoyo inali yaukhondo, yopotedwa mwaluso, yoti mmisiri n'kuivulira chipewa. Koma wofiira unali utapotedwa ndi wakuda, wakuda ndi wofiira.

Anatulutsa pulayala m'thumba. Anadula, nasenda, napotanso, uwu kwa unzake, uwo kwa unzake. Nyimbo inali itayambiranso. Gitala anayenda, nafika polowera woimba...

Mawu anatuluka pakati penipeni pa galimoto, pamwamba pa wayilesi, ngati munthu wakhala pomwepo. Akuya. Ofunda. Ochokera pansi pa chifuwa.

Tochi inagwa kukamwa.

Mawuwo anali atangowamva kumene. Ndi omwe aja anati iwe. Ndi omwe aja anati mwanawe.

Anatembenuka. Mlatho unali mbee kuchokera uku mpaka uko. Panalibe munthu, panalibe phazi, koma chifunga chokha chikunyamuka pang'onopang'ono pamwamba pa madzi.

"Achimwene!" anafuula. Kenako, motsitsa kwambiri, anayesa liwu lomwe sanaliitanirepo munthu chibadwire. "Ababa...?"

Nyimbo yokha ndi imene inapitiriza.

Anafika kunyumba kum'mawa kukufiira. Anapeza mayi ake atakhala kale pakhonde, atavala diresi lawo la maluwa, kachikwama ka kuchipatala kali pamiyendo. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Maondo ako ali matope okhaokha. Wagona kuti iwe?"

"Kwerani, amayi," anatero mokweza, ataweramira kukhutu lawo lamoyolo. "Mumange mpango, kuli mphepo."

Anawakhazika kumanzere, nawatsamiritsa mutu bwinobwino pafupi ndi kasipika kaja. Sanayatse wayilesi mpaka atatuluka m'timisewu ta nyumba. Msewu utatseguka, mphepo itayamba kuseweretsa nsonga za mpango, anaponda moto pang'ono, nakankha batani.

Gitala analowa. Mayiyo anatsinzina. Makutu ankayang'ana msewu ndi diso limodzi, linalo lili pankhope yawo, mtima uli m'mwamba. Woimba analowa, ndipo mphepo inam'lephera.

Poyamba nkhope ija sinasinthe. Kenako milomo inayamba kuyenda, kutsatira mawu limodzilimodzi, osaphonya. Misozi inatuluka, mphepo n'kuikokera chakumakutu. Anatambasula dzanja nagwira pamwamba pa wayilesi, ngati akugwira phewa la munthu.

"Ndi iwowa," anatero. "Mayo ine, ndi iwowa! Wachita bwanji, mwana wanga?"

"Si ine, amayi. Wina anandionetsa usiku. Waya unali wotembenuzidwa pansi pa mpando wanuwo, wofiira kwa wakuda."

Mayiyo anaseka akulira.

"Ndiye bambo ako amenewo! Maso awo sankasiyanitsa chofiira ndi chakuda. Ankabisa, ankachita nazo manyazi. Anavutika nayo wayilesi imeneyi mpaka kuonda. Tsiku lomaliza lija anaisiya galimoto pakhomo, napita wapansi kwa mnzawo kukafunsa nzeru. Pobwera usiku kunali chifunga, lole sinawaone..." Anaima, napukuta m'maso. "Wakuonetsayo ndi ndani? Ukam'thokoze."

Makutu anayang'ana kutsogolo. Msewu unali utayamba kutsetserekera kumtsinje.

"Sindinamuone nkhope. Mnyamata wamtali, wa chipewa. Ankanditchula kuti iwe." Anayesa kuseka, koma sizinatheke. "Anavala sokosi zosiyana."

Dzanja la mayi ake linachoka pawayilesi, n'kugwira mkono wake. Linali lozizira.

"Yofiira inali kuti?"

"Kumanja."

Nyimbo inkayenda pakati pawo.

"Ndinawaseka m'mawa umenewo," anatero mayiyo. "Ndinati bwererani mukavule, anthu akusekani. Iwo anayang'ana mapazi awo, n'kunena kuti, bwanji, si zofanana izi? Atandiitana kuti ndikazindikire thupi, nkhope sanandionetse. Ndinawadziwira sokosi zomwezo." Anayang'ana kutsogolo, kumene zitsulo za mlatho zinkanyezimira ndi dzuwa. "Chepetsa liwiro. Ndi pano."

Makutu anachotsa phazi pamoto. Galimoto inalowa pamlatho mwapang'onopang'ono. Pamsewu, chakumanzere, panali tizidutswa ta tepi yakale ndi tochi yake, ikuyakabe mofooka.

"Ndiime, amayi?"

"Ayi, usaime. Ananena kuti tikuyenda, mphepo ili kumaso." Anamasula mpango, nausiya pamiyendo, natsamiritsa khutu lawo lija pakasipika. "Kweza, mwana wanga. A kuchipatala adikire. Abambo ako akundiimbira."