Neda Asankhira Agogo Bulawuza

Neda anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuti agogo ake aone dokowe.

Agogo ake aamunawo, a Zahari, ankakhala kwa a Neda, mumzinda wa Plovdiv. Nyumba yawo inali yosanja, m'mwamba kwambiri. Miyendo ya agogo inali itafooka. Kumudzi kwawo sakanathanso kupita.

Pamkono pa agogo panali kachingwe kofiira ndi koyera. Neda nayenso anali ndi kake. Kwawoko aliyense amavala kachingwe kotere mwezi wa Malichi ukayamba. Amakavula akaona dokowe woyamba wa chaka, chifukwa adokowe amachoka nyengo yozizira n'kubwerera kukayamba kufunda. Kenako amakamanga pamtengo wamaluwa.

Koma pawindo la agogo adokowe sankadutsa. Agogo ankangoona nkhunda. Lero nkhunda, mawa nkhunda. Neda ankawamvera chisoni.

Tsiku lina amayi anabwera ndi nkhani yabwino. Kumudzi kwa agogo, anthu aika kamera pachisa cha adokowe. Chisacho chili padenga la sukulu. Aliyense atha kuchiona pa intaneti.

Amayi anapatsa agogo kompyuta yawo yakale. Munali mabulawuza awiri. Bulawuza ndi pulogalamu yolowera pa intaneti. Ina inali yakuda. Ina inali yoyera.

Kalin, mchimwene wake wa Neda, anasankha yakuda. Kalin amakonda zonyezimira. Anati yakudayo ndi yokongola. Anati yoyerayo ikungooneka ngati firiji.

Kunena zoona, yakudayo inali yokongola. Inali ndi chithunzi cha nyenyezi. Mabatani ake anali ting'onoting'ono. Ena anali obisika. Kalin anadina apa, anadina apo. Posakhalitsa chisa chinaoneka. Munalibe kanthu. Adokowe anali asanafike.

Agogo anachiyang'ana nthawi yaitali. Pasukulu imeneyo ndi pamene anaphunzira ali mwana.

"Koma achimwene," anatero Neda, "mawa ife tipita kusukulu. Amayi apita kuntchito. Agogo atsegula bwanji okha?"

Kalin anati n'zosavuta. Kwa Kalin chilichonse n'chosavuta.

Neda anati agogo ayese okha. Ayese yakuda. Ayesenso yoyera. Wina asawathandize.

Agogo anavala magalasi. Anagwira mausi ndi dzanja lawo lalikulu.

Anayamba ndi yakuda. Anafunafuna batani. Sanalione. Anadina pena pake, chisa chinasowa. Anadinanso, panatuluka nsapato zamalonda. Anadinanso, nyimbo inalira mokweza. Mphaka wawo anathawira kunsi kwa bedi.

Kalin anaseka. Agogo sanaseke. Anavula magalasi aja.

"Zisiyeni, ana inu," anatero. "Zimenezi si za ife okalamba. Kachingweka ndingokhala nako."

Neda zinamupweteka mumtima. Nthawi yonseyi iye sankayang'ana kompyuta. Ankayang'ana dzanja la agogo. Anaona kuti agogo sanalakwe. Mabataniwo ndi amene anachepa.

"Agogo, tayesaninso," anatero Neda. "Chonde, chifukwa cha ine."

Neda anatsegula yoyera. Inalibe nyenyezi. Inalibe zokongoletsa. Koma mabatani ake anali poyera. Neda anakulitsa zilembo. Anazikulitsanso.

Pakona panali batani looneka ngati kanyumba. Neda anapempha Kalin alikonze kuti lizitsegula chisa. Kalin ananyinyirika, koma anakonza. Mnyamatayu mtima wake ndi wabwino. Pakamwa pokha ndi pamene pamavuta.

Agogo anavalanso magalasi. Anagwira mausi. Kanyumba kankaoneka bwino. Anadina. Chisa chinaoneka.

Neda anatseka zonse. Agogo anatsegula okha. Anadina kanyumba. Chisa chinaonekanso.

"Firiji yakoyi ndaikonda," agogo anauza Kalin.

Kalin anati ndi yosakongolabe.

"Inenso sindine wokongola," anatero agogo, "koma agogo ako aakazi anandisankha."

Tsopano onse anaseka, ndi agogo omwe.

Masiku anapita. M'mawa uliwonse agogo ankadina kanyumba. Neda akaweruka kusukulu ankawafunsa za adokowe. Agogo ankati sanafike. Mawa lake ankatinso sanafike. Neda anayamba kuda nkhawa.

Tsiku lina Neda anamva phokoso akulowa m'nyumba. Kho-kho-kho-kho! Anaganiza kuti wina akukhoma msomali. Anathamangira kuchipinda kwa agogo.

Pakompyuta panali dokowe. Anaima pachisa ndi miyendo yake yaitali. Ankaomba mlomo wake wofiira. Kho-kho-kho-kho!

M'maso mwa agogo munali misozi. Koma nkhope yawo inali yachimwemwe.

"Wafika m'mawa, mdzukulu wanga," anatero. "Ndinatsegula ndekha. Ndamuona akutera."

Neda anawakumbatira. Kenako anaona kuti kachingwe kakadali pamkono pa agogo. Anafunsa chifukwa chake.

"Ndimadikira iwe," anatero agogo. "Ndimafuna umuone kaye."

Neda anamasula kachingwe ka agogo. Agogo anamasula ka Neda. Zala zawo zinachedwa, koma Neda sanawafulumizitse.

Kalin anabwera. Amayi anabwera. Nawonso anaona dokowe. Nawonso anavula tizingwe tawo.

Panja pa nyumba panali mtengo wa mapulamu. Unali utachita maluwa. Agogo anati nawo atsika. Amayi anawagwira mkono uwu. Kalin anawagwira mkono uwo. Anatsika pang'onopang'ono. Neda anali patsogolo, tizingwe tili m'manja.

Kalin anaweramitsa nthambi. Agogo anamanga kachingwe kawo. Neda anamanga kake pambali pake.

Amayi anati akhaleko pang'ono, aothere dzuwa. Agogo anakana.

"Tiyeni tibwerere," anatero. "Dokowe uja akudikira mkazi wake. Angafike ine kulibe."