Malo Amene Ruxandra Anasungira Tavi

Masiku amenewo chipale chofewa chinkagwa chenicheni mumzinda wa Iași, osati zamasiku anozi. Chikagwa, aliyense ankatuluka ndi fosholo kukakumba poimika galimoto yake, ndipo pochoka ankasiyapo mpando kuti wina asalowepo.

Ruxandra, mphunzitsi wa nyimbo amene anali atangosamukira mumsewu wathu, anasuntha mpando wina wothyoka mwendo n'kuimikapo kagalimoto kake.

"Achemwali! Mpandowo simunauone?" anakuwa mnyamata wina, fosholo ili paphewa.

"Ndinauona. Ndimayesa mwautaya."

"Kutaya? Msana wangawu wathera pamenepa!"

"Pepani, achimwene. Msana sindingakubwezereni, koma kabuledi aka kakadali kotentha."

Mnyamatayo anayesetsa kukwinya nkhope, koma zinakanika. Dzina lake anali Tavi, wokonza magetsi, ndipo ankakhala ndi mayi ake m'nyumba yosanja yomwe Ruxandra anasamukiramo. Anadya buledi uja ataimirira, n'kupempha nambala ya foni.

Kutacha kunalowa uthenga: "Kambava kanga, lero usabe. Malo ako ndakukumbira kale."

Ha, inali nyengo yokoma bwanji! Galimoto ziwiri zinkagona moyandikana. Tavi ankatenthetsa zala za Ruxandra m'thumba la jekete lake, uku Tanti Veta, mayi wokhala pansanja yachiwiri, akukuwa pawindo: "Inu, kwatiranani msanga, mukutitchingira msewu!"

"Ruxi, dzuwa langa," ankatero Tavi, "chipale chikamagwa, iwe sudzagwiranso fosholo. Ndidzakukumbira mpaka tidzachite kuyendera ndodo."

Ndani akanakayika mawu otere?

Chipale chitasungunuka, Tavi anapeza ntchito ku Torino, mzinda wa kunja kwa dziko. "Ndikungokatolera za ukwati, wanga. Undidikire." Poyamba ankaimba tsiku lililonse. Kenako mauthenga anayamba kufupika: "Ndatopa." "Mawa, wokondedwa."

Nyengo ya chipale itabweranso analemba kuti: "Ndikubwera pa Khirisimasi, pagalimoto. Tikambirana."

Chipale chinagwa mpaka m'mawondo. Ruxandra anabwereka fosholo, nakumba malo a Tavi aja mpaka matuza m'manja. Anatsitsa mpando wake woimbira piyano n'kuuika pakati. Bambo Costache a pakona atafuna kulowapo, Ruxandra anaima kutsogolo kwa galimoto yawo.

"Mtsikana iwe, msewu ndi wa boma!"

"Boma silinakumbe pano, bambo. Mundigunde kaye!"

Masana a tsiku lolonjezedwa, galimoto yoyera inakhota n'kulowa mumsewu. Ruxandra anatsika masitepe chothamanga, mpango atauiwala, nachotsa mpando. Tavi anatuluka. Sanamukumbatire. Anazungulira n'kukatsegula chitseko chinacho.

Munatuluka mayi woyembekezera, mphete ikuwala pachala.

"Ndinu Ruxi eti?" anamwetulira mayiyo. "Ine ndine Mirela. Tavi anandiuza kuti ali ndi msuweni wake wamtima wabwino. Taonani, mpaka kutisungira malo!"

Msuweni?

Ruxandra anayang'ana Tavi. Tavi anayang'ana nsapato zake. Pawindo paja, Tanti Veta anagwira pakamwa.

"Ruxi, ndimafuna ndikuuze..." anayamba Tavi motsitsa mawu.

Akuwe? Amuyalutse pamaso pa msewu wonse? Nanga mayiyu, amene waima apa akunjenjemera ndi kuzizira, nkhope ili ngwee, walakwa chiyani?

"Inde, ndine msuweni wake," anatero Ruxandra. "Gwirani mkono wanga, mlamu. Apa m'poterera."

Anayenda naye pang'onopang'ono mpaka pakhomo la mayi ake a Tavi, nagogoda, n'kutembenuka chitseko chisanatseguke. Pamasitepe anakumana ndi Tavi atasenza masutikesi.

"Zikomo posanena," ananong'ona Tavi.

"Sindinachitire iwe. Patuka."

Miyendo inamunyamula mpaka nsanja yachiwiri basi. Pamenepo anapeza Tanti Veta atatsegula kale chitseko, manja ali chitambasulire.

"Bwera kuno, mwana wanga. Muno lira mmene ungathere, makoma anga ndi okhuthala."