Makalata Awiri a Mankhwala kwa Wodwala Mmodzi

Mtembo anaupeza Lolemba, 7:20 m'mawa, pansi pa masitepe a kuseri kwa ofesi. Anali mayi wolemba mapulogalamu pa kampani yomwe inkakonzera zipatala tsamba la pa intaneti losungira mbiri ya odwala.

Wofufuza milandu wamkulu, yemwe anzake ankamutcha a Ndevu, ananjuta n'kuyang'ana mkono wa malemuyo. Panali zizindikiro za zala zinayi.

"Woterereka yekha sakhala ndi izi," anatero.

Dokotala wa polisi anati mayiyo anafa Loweruka, isanakwane 3 koloko masana.

Woyamba kufunsidwa anali mwamuna wake, poti anthu anawamva akukangana.

"Lero ndiye mwandifuna?" anafunsa bamboyo. "Loweruka ndinabwera kupolisi kuno kudzanena kuti mayi a ana sanabwere, munati ndidikire. Kukangana tinakanganadi. Ndimati asiye ntchitoyo. Sabata yathunthu samadya, akuti pulogalamu yawo yapha munthu."

A Ndevu anapepesa, n'kubwerera kuofesi kuja. Mnzake wa malemuyo, mayi woyesa mapulogalamu, anawafotokozera monong'ona.

"Wodwala aliyense amayenera kukhala ndi kalata imodzi ya mankhwala yoyatsidwa. Dokotala akalemba yatsopano, yakale izizima yokha. Yathuyi siizimitsa. Bambo wina wodwala mtima anali nazo ziwiri, namwino anam'patsa mankhwala onse, bamboyo anafa. Namwinoyo anam'chotsa ntchito."

"Abwana anu ankadziwa?"

"Malemu achemwaliwa anawalembera katatu. Njira yokonzera anali atailemba kale."

"Tandionetsani mbiri ya bamboyo."

Pa kompyuta panaoneka kalata imodzi yokha yoyatsidwa. Inayo inali itazimitsidwa Loweruka, 4:06 masana, m'dzina la malemuyo.

"Wakufa sagwira kompyuta," anatero a Ndevu. "Anazimitsira pa makina ati?"

Mayiyo anafufuza, kenako anachotsa manja patebulo. "A mu ofesi ya abwana."

Pofika 2:15 masana, bwana uja, mwini kampaniyo, anali m'chipinda chofunsira mafunso, tayi atamasula. Poyamba anati Loweruka anali kwawo. A Ndevu anam'kankhira pepala losonyeza nthawi ndi nambala ya kompyuta yake. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi uja amafuna kukaulula kwa banja la bamboyo ndi kwa namwino uja," anatero. "Zipatala zonse zikanatithawa. Ndinangom'gwira mkono kuti timvane. Anadzikoka, ine ndinam'kankha."

"Munaitana ambulansi?"

Mwini kampaniyo anapukusa mutu.

"Munam'siya pansi, inu n'kukwera m'mwamba kukazimitsa kalata ija m'dzina lake, kuti zioneke ngati wobisa cholakwacho ndi iye. Kukonza pulogalamuyo kukanatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Tsiku limodzi. Koma tikanayenera kuuza zipatala kuti panali vuto."

A Ndevu anavula magalasi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ali pa ntchito, anali asananyansidwepo chonchi.

"Ndiye odwala ena amene ali ndi makalata awiri pakali pano ndi angati?"

"Sindinawerenge."

A Ndevu anauza wapolisi mnzawo kuti am'mange. Ali pakhonde anaimbira mayi woyesa mapulogalamu uja n'kumufunsa funso lomwelo. Anamva makiyi a kompyuta akulira.

"Makumi anayi ndi mmodzi," anatero mayiyo.

"Anamwino amagawa mankhwala nthawi yanji?"

"4 koloko."

A Ndevu anayang'ana wotchi, anakhala pansi pabenchi n'kutulutsa cholembera.

"Ndipatseni manambala a foni a zipatalazo, tizichenjeze. Inu yambirani m'munsi, ine ndiyambira pamwamba."