Magalasi Akuda a Achitsulo

Anakumana pa zenera la kalasi. Madamu ankaphunzitsa sayansi mkati, mnyamata wowotcherera zitsulo akuika mipiringidzo kunja. Ana onse maso anali pa moto wabuluu wowotcherera zitsulowo.

"Musayang'ane!" anakalipa Madamu. "M'moto umenewo muli kuwala kwina kosaoneka, kwa mafunde afupiafupi. Kumapsereza maso."

Mnyamata uja anakweza chigoba chake chakumaso, n'kumwetulira. "Nanga ine ndikamayang'ana inuyo, ndipsanso?"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Madamu anamutcha Achitsulo, ndipo kuyambira sabata imeneyo foni ya Madamu sinapumenso ndi mauthenga a mnyamatayo.

"Wadzuka bwanji, duwa langa?"

"Wapamtima, ine kukusiya iwe? Pokhapokha nditafa!"

Madamu, munthu wokana chilichonse chopanda umboni, izi zokha anazimeza osatafuna.

Ndiye Loweruka lina uthenga sunabwere. Lamlungu zii. Ataimba, anayankha mkazi.

"Agona. Sangalankhule pano." Foni thi!

Agona? Masanasana? Nanga mkaziyo akutani m'nyumbamo? Mtima wa Madamu unasweka, ndipo analira mpaka maso kutupa. Analemba kuti, "Zikomo pondipusitsa." Yankho silinabwere.

Lolemba ataweruka anapita komweko, kuti ngati chibwenzi chatha akamve ndi makutu ake. Anatsegula chitseko ndi mkazi wamtali, mphuno yake ya Achitsulo yeniyeni.

"Ndinu alamu eti? Ine ndi mlongo wake, ndabwera kudzamudwazika. Kodi munaimba aja ndinu? Pepani, ndimayesa makasitomala!"

M'chipinda munali mdima, makatani otseka. Achitsulo anali chagada pamphasa, kansalu konyowa kali m'maso.

"Duwa langa, ndiwe? M'masomu muli ngati athiramo mchenga. Foni sindingayiyang'ane n'komwe."

"Watani iwe?"

"Galasi la chigoba linasweka, ntchito ili pakati. Ndinangovala magalasi adzuwa apamsika. Komatu anali akuda bii!"

"Kuda si kutchinga, chitsiru changa iwe!" Madamu anagwada pambali pake, misozi ili mbwee. "Magalasi otchipa amenewo amangochepetsa kuwala kooneka. Diso limati kwada, n'kutseguka kwambiri, mafunde osaoneka aja n'kumalowa ngati kwawo."

"Kuchipatala anamukalipira choncho," anatero mlongo uja. "Koma akuti achira, mawa kapena mkuja aziona."

Madamu anapumira m'mwamba. Wopikisana naye sanali mkazi ayi, unali umbuli wa bwenzi lake lomwe! Mtima unakhala m'malo, ndipo anaseka akulira.

"Nanga unkathamangira chiyani chosadikira galasi lina?"

Mlongo uja anavundukula nsalu pakona. Panali bedi lachitsulo latsopano, la anthu awiri, kumutu kwake kuli maluwa opindidwa ndi manja.

"Ndimafuna ndilimalize kaye ndisanatume amalume kwanu," anatero Achitsulo. Anadzuka mofufuza, n'kugwada, kansalu kali kumaso. "Wapamtima wanga, mayi wa ana anga, undilola ndikukwatire?"

Anali atagwadira kabati ya mbale. Mlongo wake anatseka pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Madamu anamugwira mapewa, n'kumutembenuza pang'onopang'ono.

"Kabatiyo yakana," anatero. "Ine ndalola."