Kuseri kwa Limba

Anakumana pa chitseko cha tchalitchi, Lolemba loyamba la teremu, m'chaka cha 1946. Enelesi anali atafika msanga monga mwa masiku onse, akuwerenga pepala lomwe aphunzitsi a nyimbo, bambo Lemson, anakhomapo. Papepalapo panali mayina a ophunzira a chaka chomaliza pa sukulu ya aphunzitsi ya mishoni, kumalire kwa Makokoba, lokeshoni ya mu Bulawayo, ndipo dzina lililonse linali ndi ola lake.

"Kodi a Enelesi Chimwaza ndinu?"

Atacheuka anaona mnyamata wamtali, wovala jekete yotuwa koma yosita bwino. Batani limodzi linali losokedwa ndi ulusi wofiira. Enelesi sanali munthu woti zotere n'kumudutsa, ndipo anadzifunsa kuti anamusokera ndani.

"Ndine. Nanga inu?"

"Hector Chikafa, ndachokera ku Wankie. Taonani apa, atimanga goli limodzi. Inu fili koloko, ine folo. Koma ndikuchenjezeni achemwali, ine ndikamaimba ngakhale nkhunda za padenga zimasiya kulira."

"Zimasiya chifukwa cha kukoma, kapena zimakhala zathawa?"

Hector anaseka mpaka kutsamira chitseko. Enelesi anayang'ana pansi, akudabwa kuti mawu amenewo wawatenga kuti.

Limba linali limodzi lokha pa sukulu yonse, lakalekale, ndipo silinkalira lokha. Kuseri kwake kunali mpini wautali wopopera mpweya mu mvukuto. Wina akamaimba, mnzake ankaima kuseriko, kukweza ndi kutsitsa mpiniwo osalekeza. Wopopa akangosiya, limba linkafa mawu pakati pa nyimbo. N'chifukwa chake bambo Lemson anawagawa awiriawiri: uyu aimbe ola lake mnzake akumupopera, kenako asinthane.

"Ola limodzi tsiku lililonse, kupatula Lamulungu," anatero bambo Lemson m'kalasi. "Woyesa abwera mu Novembala. Wolephera limba satenga satifiketi ya uphunzitsi pa sukulu ino. Ndipo woyesayo sadzafunsa kuti unali ndi chifukwa chanji."

Enelesi sankafunika kukumbutsidwa. Mayi ake, omwe ankachapa zovala za azungu kumayadi, anali atanena kale poyera: "Ukalephera, Ene, sitingakubwezerenso kusukulu. Adona anga akufuna mtsikana wolera mwana. Ndiwauza kuti adikire mpaka Novembala."

Miyezi yoyamba inayenda bwino. Dzanja lamanja la Enelesi linali lopepuka, koma lamanzere linkachedwa, ndipo Hector ankamva zonse ali kuseri.

"Dzanja lamanzere lagona, achemwali. Mulidzutse."

"Inu popani, musalowerere za eni."

Tsiku lina atatsegula buku lake la nyimbo, Enelesi anapezamo kapepala kopinda kanayi.

"Ukamaimba sindikuona, koma ndimadziwa pamene waluma mlomo. Ndisiye kukutcha achemwali? H."

Anakabisa m'thumba ngati walakwira wina. Anakawerenga kasanu ali panjira yopita kwawo. Mawa lake anayankha m'buku la Hector ndi mawu awiri okha: "Mukhoza kusiya."

Kuyambira pamenepo timapepala sitinathe. "Njiwa yanga." "Duwa la ku Makokoba." Nthawi zina Hector ankasakaniza ndi Chindebele, monga ankachitira anyamata a mu lokeshoni: "Sithandwa sami, dzulo wandiyenda m'mutu mpaka ndaphonya mzere wonse." Loweruka ankamuperekeza mpaka pampopi wa pafupi ndi kwawo, n'kubwerera pomwepo kuopa maso a amayi otunga madzi.

"Tikapambana tonse, ndituma ankhoswe kwa bambo ako," anatero tsiku lina. "Tidzapempha sukulu imodzi. Iwe uziimba, ine ndizikupopera mpaka tsitsi litayera."

"Mukunena zoona, a Hector?"

"Ndiname pakhomo pa tchalitchi?"

Mu Juni, mkulu amene ankaimba limba pa mapemphero a Lamulungu anadwala chifuwa n'kugonekedwa ku chipatala cha ku Thorngrove. Abusa anapempha bambo Lemson kuti apereke wophunzira mmodzi, ndipo anasankhidwa Hector. Lolemba lotsatira anafika fili koloko isanakwane, n'kukhala pa benchi ya limba.

"Njiwa yanga, ndili pamoto. Nyimbo zinayi sabata iliyonse, pamaso pa mpingo wonse. Ola limodzi silikundikwanira. Ndibwereke lako, sabata ziwiri zokha."

"Nanga dzanja langa lamanzere?"

"Iwe ndiwe wanzeru, udzazipeza msanga. Abusa akandikonda ine, atikonda tonse. Si zathu zomwe kodi?"

Enelesi anayang'ana makiyi oyera aja, kenako nkhope ya Hector. Anazungulira n'kukagwira mpini.

Sabata ziwiri zinakhala mwezi. Mwezi unabala unzake. Maola awiri tsiku lililonse Enelesi ankaima kuseri kwa limba, m'fumbi ndi akangaude, akukweza ndi kutsitsa, ndipo Lamulungu ankaimanso komweko mapemphero onse. M'manja mwake munatuluka matuza, kenako zikang'a. Zala zinayamba kuuma. Kunyumba anajambula makiyi ndi khala pa thabwa lochapirapo la mayi ake, n'kumayendetsapo zala m'mawa asanapite kusukulu. Koma thabwa silinkalira. Akalakwitsa, akanadziwa bwanji?

Mnzake wapamtima, Dorah, wobadwira mu Bulawayo momwemo, anamugwira dzanja tsiku lina ali pa mzere wa tiyi n'kulitembenuza.

"Hawu, sisi. Awa ndi manja a mphunzitsi kapena a munthu wa panjanji?"

"Ndi kwa kanthawi, Dorah."

"Kanthawi kake kayamba mu Juni. Ola lako lija bhudi wakoyo, Hector, akulidya ngati mkate. Wakulembera chiyani lero, kuti ndiwe njiwa? Njiwa yake yopopa."

"Usamunyoze. Wandilonjeza."

"Yebo, wakulonjeza. Kodi bambo Lemson akudziwa?"

Bambo Lemson sankadziwa, koma makutu awo anawauza. Kumapeto kwa Seputembala anayesa aliyense nyimbo imodzi. Enelesi anaima katatu pa mzere wachiwiri. Aphunzitsi aja anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, mu Meyi unkaimba bwino kuposa apa. Ola lako ukupita nalo kuti?"

Enelesi anatseka buku lake. Akanena, si ndiye Hector amuchotsa pa limba la Lamulungu? Madzulo ake anamuuza Hector, misozi ili m'maso, kuti akufuna ola lake.

"Sabata ziwiri zokha, wapamtima wanga," anatero Hector, akumupukuta tsaya ndi chala. "Ukundikayikira tsopano, titafika pano?"

Lamulungu lachiwiri la Okutobala kunatentha kuyambira m'mawa. Tchalitchi chinadzaza ndi anthu a ku Nyasalande, a panjanji, a m'mafakitale, amayi atavala zoyera. Enelesi anali pamalo ake, thukuta likutsika m'khosi. Pakati pa limba ndi khoma panali kampata, ndipo pokapenyera ankaona mayi ake pa benchi yachitatu akudzipepesa mphepo ndi buku.

Ulaliki utatha, abusa anatulutsa kalata m'thumba la mkanjo.

"Talandira kalata kuchokera ku mpingo wa ku Wankie. Tikulengeza ukwati pakati pa Hector Chikafa, yemwe akupemphera nafe kuno, ndi Mildred Gondwe, mwana wa mlaliki wa kumeneko. Uku ndi kulengeza koyamba. Ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa, akaonane ndi akulu a mpingo."

Amayi ena analulutira chapansipansi. Wina anati, "Mwana waulemu uja." Enelesi anamva benchi ya limba ikulira, ngati munthu wakhalapo wadzidzimuka. Mildred? Wa ku Wankie? Ndiye timapepala tonse tija, tomwe anatisunga m'chitini cha tiyi pansi pa mphasa, tinali ta chiyani?

"Tiimbe nyimbo yotsekera," anatero abusa.

Mpini unali m'manja mwake. Akanangousiya, limba likanafa, mpingo wonse n'kucheukira Hector ali pa benchi ngati chitsa. Anaganiza zimenezo, ndipo zinamukomera. Koma pakampata paja anaona mayi ake akuimirira, akutsegula buku, osadziwa kanthu. Mawa Makokoba yense akananena kuti mwana wa a Chimwaza anachita misala m'tchalitchi chifukwa cha mwamuna, ndipo mbiriyo ikanafika kwa abusa ndi kwa bambo Lemson mayeso asanafike.

Anapopa. Anapopa mwamphamvu kuposa masiku onse, mvukuto n'kudzaza mpaka kulira. Limba linafuula bwino lomwe, kotero kuti munthu aliyense, mpaka wa pakhomo, anamva zala za Hector zikuphonya mzere woyamba, wachiwiri, n'kusochera pa wachitatu. Anthu anamaliza nyimboyo okha.

Enelesi sanadye tsiku limenelo. Anauza mayi ake kuti ndi mutu wa dzuwa. Analira chamumtima atayang'ana kukhoma, ndipo atatopa kulira anawerenga masabata pa zala zake zouma zija. Anatsala asanu.

Lolemba m'mawa, belu lisanalire, anagogoda pa ofesi ya bambo Lemson n'kuwauza zonse za ola lake, kuyambira mu Juni. Za timapepala sananene. Aphunzitsi aja atamva, anatenga pensulo n'kupita kukasintha pepala la pachitseko.

Fili koloko itakwana, Hector analowa m'tchalitchi chipewa chili m'manja. Anapeza Enelesi atakhala kale pa benchi, buku lili chitsegulire.

"Njiwa yanga, ndimvere kaye."

"Dzina langa ndi Enelesi."

"Enelesi. Sizinayenera kuchitika choncho. Ine ndimadziwa kuti alengeza ku Wankie kokha. Sindinkadziwa kuti kalata imapitanso kumene mwamuna akupemphera."

Enelesi anamuyang'ana. Anali atakonzekera kumva kuti ndi bodza, kapena kuti abusa asokoneza mayina. Izi sanaziyembekezere.

"Ndiye chakuwawani n'choti ndamva?"

"Ayi, si choncho. Za Mildred anakonza ndi akuluakulu, kalekale, ndisanakuone iwe. Bambo ake ndi amene anandipezera malo pa sukulu ino. Ndikanakana bwanji? Koma mtima wanga uli kuno, ukudziwa iwe. Ndikamaimba ndimaimbira iwe."

"Mumaimbira ine pa ola langa, ndi mpweya wanga."

"Usatero, sithandwa sami. Tikhoza kupeza njira. Ukwati ndi wa mu Disembala, nthawi ilipo. Koma dzulo wamva wekha mmene ndachitira manyazi. Lamulungu likubwerali ndiyenera kukonza, apo ayi abusa andichotsa. Ndithandize sabata ino yokha."

Enelesi anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Anatambasula manja ake onse awiri, zikhatho kumwamba, kuti awaone bwino.

"Mwawaona? Miyezi inayi. Mukanandiuza mu Juni kuti kuli Mildred, mwina ndikanakupoperanibe tsiku limodzi kapena awiri, monga mnzanu wa m'kalasi. Koma munadziwa kuti mnzanu wa m'kalasi sangakupatseni ola lake lonse. N'chifukwa chake munandisandutsa njiwa."

"Ndinkakukonda zoona, Enelesi."

"Mwina. Sindikhala pano n'kumayeza zimenezo, nthawi yanga ikupita. Kawerengeni pachitseko. Kuyambira lero ndili ndi Dorah. Inu akupoperani Jasper, folo koloko."

"Jasper? Uja amagona ataimirira?"

"Mukamulembere kapepala, mwina adzuka."

Kuseri kwa limba kunamveka kuseka. Dorah anasuzumira, manja a bulauzi atapinda kale mpaka m'zigongono.

"Bhudi, tipatseni mpata. Kuno tili pa ntchito."

Hector anaima pang'ono, akutembenuza chipewa. Anatsegula pakamwa ngati anenanso dzina lina lokoma, koma Enelesi anali atayang'ana kale m'buku. Mapazi ake anamveka mpaka pakhomo, kenako chitseko.

Pamenepo m'pamene misozi inabwera. Inagwera pa makiyi, Enelesi n'kuipukuta ndi m'mphepete mwa diresi. Ankamufunabe, ndipo zimenezo n'zimene zinkamupweteka koposa. Kodi mtima umamva kuti munthu watuluka pakhomo?

"Sisi, tidikire kaye?" anafunsa Dorah motsitsa mawu.

"Ayi. Kotala ya ola yapita kale. Popa."

Mvukuto unapuma, limba n'kudzuka. Dzanja lamanja linayenda. Lamanzere linatsatira mokoka, louma, ndipo pa mzere wachiwiri linagwera pa kiyi yolakwika. Phokoso lake linadzaza tchalitchi chonse.

"Maye, Enelesi! Woyesa akamva zimenezo athawa ndi chikwama chomwe."

"Ndamva. Masabata alipo asanu, ndipo sindipatsanso munthu ngakhale mphindi imodzi." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kuika zala pamalo pake. "Usasiye kupopa. Tiyambirenso pa mzere wachiwiri."