Duwa la Olipa M'chipinda Chotseka

Galasi la zenera la chipinda cha malemu Olipa linali litanyowa m'mawa umenewo. Madontho ankatsetsereka cham'kati, kusiya mizere ngati podutsa nkhono. Nikodemo Chimbalanga, ataima panja ndi tsache m'manja, anakumbukira mame a pamasamba a nthochi kwawo ku Ntcheu, kumene anachoka zaka makumi anayi ndi zisanu zapitazo kudzagwira ntchito m'migodi ya golide ku Kwekwe. Koma amenewo anali mame apanja, ogwa m'nyengo yake. Uno unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mvula isanagwe ngakhale dontho.

Chipindacho chinali chotseka chimuikire mkazi wake m'manda mwezi wa Juni. Abale a Olipa anali asanabwere kuchokera ku Malawi kudzamusudzula ndi kugawa zovala za malemu, ndipo Nikodemo anaona kuti si bwino kuti mphepo kapena maso a anthu zilowe m'katundu ameneyo mwambo usanachitike. Anakhoma zenera, natseka mipata yonse ndi nyuzipepala, iye n'kusamukira pabalaza.

M'chipindamo munatsala chamoyo chimodzi chokha: duwa la masamba aatali, osongoka, amawangamawanga ngati khungu la njoka. Olipa anabwera nalo ali mtsikana, mphukira imodzi yozula pakhomo pa amayi ake, atakulunga m'chitenje. Ali gone m'chipatala anamugwira mwamuna wake dzanja.

"Ine mundiika konkuno, ndikudziwa. Koma duwa lija mukalibweze kwathu. Ndipo inu musalikonde ndi madzi. Muzipisa chala m'dothi, mukapeza chinyontho muzilisiya. Limafuna mpweya wouma."

Nikodemo anatsegula chitseko. Mpweya unamulandira wofunda, wolemera, wa fungo limene ankalidziwa koma osakumbuka kuti analimva kuti. Makoma anali atachita thukuta. Anapisa chala m'dothi la duwalo, chala n'kutuluka ndi matope. Iye anali asanathirirepo chiyambire Ogasiti. Tsamba limodzi linali litagwera pansi, patsinde pake pali pachikasu, pofewa ngati nthochi yowola.

Usiku umenewo magetsi anazima monga mwa masiku onse. Mdima unadzaza nyumba, ndipo agalu a mumzere wonse wa nyumbazo anangoti zii. Chapakati pa usiku anamva kanthu kuseri kwa chitseko chokhomacho: tho! Patapita kanthawi, tho! Kenako kunamveka kugunda kwapansipansi, kwakutali, konga kwa munthu wosinja pamtondo atafunditsa bulangete. Nikodemo anaika phazi pansi, simenti n'kumunjenjemera pang'ono kuchidendene.

Kutacha anapita kwa Rashid, mnzake wa ku Mangochi amene anagwira naye ntchito pansi pa mgodi zaka zambiri.

"Madala, ikani makala m'beseni, amayamwa chinyezi," anatero Rashid. Kenako anatsitsa mawu. "Koma azimayi kumjigo akunena zina. Akuti mlamu akulira chifukwa simunasudzulidwe. Ena akuti akuchapa zovala zake usiku."

"Olipa wanga sanali munthu wovutitsa."

"Ine ndangokuuzani zimene ndamva, achimwene."

Nikodemo anaika makalawo. Patangopita masiku awiri anali atanyowa ngati avumbwa ndi mvula, ndipo masamba ena atatu anagwa. Pa masamba khumi ndi awiri amene Olipa anasiya, oima anatsala asanu ndi atatu. Nikodemo ankawawerenga m'mawa uliwonse monga mmene kapitawo amawerengera anthu otuluka mumgodi.

Usiku wachinayi sanagone. Anakhala pampando moyang'ana chitseko, kiyi ali m'thumba la malaya, dzanja lili pathumbapo. Kugunda kuja kunayamba, n'kuleka. Mutangoti chete anamva kanthu kachitsulo kakukhudza thabwa, pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kudzutsa mnzake. Kenako madzi. Sanali madontho ayi. Anali madzi othiridwa mosamala, akulowa m'dothi ndi kaphokoso kaja dothi limachita likamamwa.

"Olipa?" ananong'ona.

Madziwo analeka.

Anakhala pomwepo mpaka tambala wachitatu. Kutayera anatsegula. Kapu yachitsulo ya Olipa, imene iye mwini anaivundikira pamwamba pa kabati tsiku la maliro, inali pansi pambali pa duwa, ili chagada, m'kati muli monyowa. Masamba oima anatsala atatu.

Anaimbira foni mwana wawo Leticia, amene amagulitsa zovala ku Mkoba, ndipo anafika pa kombi, minibasi ya masana. Atangosuzumira m'chipindamo anatseka mphuno.

"Maiwe, Baba! Mukuphika duwa la Amayi muno? Tsegulani zenera!"

"Amalume ako sanabwere. Chipinda sichitsegulidwa."

"Amalume akhala akubwera kuyambira Juni, ndipo mpaka Khirisimasi adzakhala akubwerabe. Amayi anakutumani chiyani, kusunga mpweya kapena kusunga duwa?"

"Iwe wobadwira kuno, mwambo uudziwira kuti?"

"Mwambo sindiudziwa, Baba, koma kuwola ndimakudziwa. Taonani."

Anakhudza tsamba limodzi ndi chala, tsambalo n'kuthyoka lokha patsinde, kutuluka madzi onunkha. Nikodemo anayang'ana awiri otsalawo nthawi yaitali.

"Zenera lisiye," anatero potsiriza. "Titulutse duwa lokha."

Mphika wake unali wasimenti, wolemera, ndipo unakhala pakamphasa kuyambira kalekale. Analephera kuunyamula, choncho anakoka mphasayo. Itangosuntha, pansi panaoneka mng'alu wotalika ngati mkono, woti n'kulowa zala zitatu. Mumng'alumo munkatuluka mpweya wofunda, wonyowa, ngati wa m'kamwa mwa ng'ombe. Nikodemo anagwada, nanunkhiza, ndipo apa ndi pamene analikumbukira fungo lija: mwala wonyowa ndi utsi wa wonga wophulitsira miyala mumgodi.

Leticia anathamanga kukaitana Rashid. Mkuluyo anagona chafufumimba, naika khutu pasimenti, n'kudzuka nkhope itasintha.

"Makorokoza," anatero, kunena anyamata okumba golide mobisa. "Atsegula ngalande zakale za mgodi. Ali pansi panu penipeni, madala. Nyumba iyi yakhalira pachigoba cha dzira. Tulukani lero."

Anatuluka tsiku lomwelo kupita kwa Leticia ndi chikwama chimodzi ndi duwa, anyamata oyandikana nawo atawathandiza kukweza mphika uja pagalimoto. Zovala za Olipa Nikodemo anakana kuzikhudza. Patapita masiku awiri Rashid anaimba foni m'bandakucha. Chipinda chija chinali chitamira, pamodzi ndi kabati, zovala zonse, ndi theka la pabalaza, mbali imene panali bedi la Nikodemo.

Ku Mkoba anakhuthula mphika uja. Mizu inali itasanduka phala, masamba awiri aja atapita. Koma m'mphepete munali kamphukira kamodzi kolimba, kotalika ngati chala. Anakadula ndi lumo, nakayanika pamthunzi masiku atatu kuti bala liume, n'kukadzala m'chitini cha mchenga wa kumtsinje, pazenera lotsegula. Sanakathire ngakhale dontho.

"Basi zadziwika, Baba," anatero Leticia madzulo ena akupinda zovala zamalonda. "Unali mpweya wa mumgodi. Azimayi akumjigo aja achite manyazi."

"Mpweya unanyowetsa galasi ndi makoma, ndavomera. Kodi mpweya umatsitsa kapu pakabati?"

Leticia anasiya kupinda.

"Mayi ako anakhala ndi duwa lija zaka makumi anayi, osaphonyapo tsiku limodzi. Ankadziwa bwino lomwe kuti madzi amalipha. Ankadziwanso mwamuna wake. Zikanawola zovala, ndikanangokhoma chitseko n'kugona pabalaza paja kudikira amalume ako. Chimodzi chokha ndicho chikanandisunthitsa mphasa ija: kuona duwa lake likufa."

Anayang'ana kamphukirako. Kunsonga kwake kunali kutayamba kubiriwira.

"Tenga pepala, mwanawe. Maso anga atha. Ulembe zonsezi m'Chichewa, ngakhale chako n'chopindika, ndipo za kapu ija usazisiye. Ndikakafika nako kamphukiraka ku Ntcheu, abale ake akandifunsa kuti zovala za mlongo wawo zili kuti, wina akawawerengere."