Kabokosi Koyankha Odi

Nkhuku ndi zimene zinayamba kudziwa. Nkhuku za Nasoni zinkagona m'nyumba, kuseri kwa chitseko, poopa akuba a ku Nsaru amene satopa. Koma sabata imeneyo, dzuwa likalowa, zinkafika pakhonde, kusuzumira mkati, n'kubwerera kukakwera mumtengo wa mango. Anazinyengerera ndi gaga, anazipirikitsa ndi kamtengo, osatheka.

Zonse zinabwera ndi foni. Rute, mwana wawo woluka tsitsi m'tauni, ankangowatumizira timavidiyo ta zinthu zopanda mutu: chipewa chokhala ndi fani, nsapato zoyaka magetsi, kapu yodzitakasira yokha shuga. Anthu okhuta amapanga zimenezo, koma feteleza wotchipa ndiye sangapange. Tsiku lina anatumiza kavidiyo ka kabokosi koyera, kakang'ono ngati sopo, kokhala ndi diso limodzi lakuda. Ukakakhoma pakhomo, munthu akamalowa kamalankhula mawu amene iwe unajambulamo, akamatuluka kamaliza belu. Nasoni anali ataberedwa mtedza chaka chatha iye ali mtulo. Atakapeza kabokosiko mushopu ya Che Twaibu, anagula, n'kukakhoma mkati, pamwamba pa chitseko.

Iye ankafuna kujambulamo mawu aukali oti, "Wakuba iwe, ndakuona!" Koma ali kudimba, mkazi wake Felesita anayambirira kujambulamo mawu ake. Felesita anali munthu wa alendo, woti ngakhale wogulitsa usipa sachoka pakhomo pake asanamwe thobwa. Pobwera Nasoni, atangoponda pakhomo, mawu a mkazi wake anamulandira kuchokera pamwamba pa mutu:

"Odini! Lowani, fikani, khalani pansi."

"Amake Rute, wakuba mumamuuza kuti akhale pansi?"

"Iii, abambo a Rute, wakuba amaboola khoma. Pakhomo pamadzera anthu. Mukufuna abusa akabwera kudzationa muwatche akuba?"

Anaseka, n'kuzisiya. Onse awiri anaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa kumudzi amadziwa. Masana odi amayankhidwa msanga. Kukada umayamba wafunsa kuti, "Ndani?" ndipo ngati mawuwo sukuwadziwa umatseka pakamwa, chifukwa chimene wachiuza kuti chilowe chimalowadi. Koma kabokosi kopangidwa kutsidya kwa nyanja sikafunsa kuti ndani.

Unali mwezi wa Juni, wa chisanu chija cholowa m'mafupa. Usiku woyamba Nasoni anadzidzimuka malata akulira thetheethe pozizira. Kudambo achule anali chete, agalu a m'mudzi chete, mdima wake woti dzanja lako lomwe osaliona. Ndiye pabalaza, momveka bwino, mwansangala, mkazi wake anati:

"Odini! Lowani, fikani, khalani pansi."

Koma mkazi wakeyo anali pambali pake, akupuma mwatulo.

Anatenga tochi ndi chikwanje. Chitseko chinali chotseka, mpiringidzo uli m'malo mwake. Matumba a mtedza onse analipo. Panalibe khoswe, panalibe mleme. Kunkangomveka fungo la dothi lonyowa, longofukulidwa kumene, pomwe mvula inali italeka kalekale.

"Zinthu za pa foni," anang'ung'udza. "Amatigulitsa zinyalala chifukwa sitinapite patali ndi sukulu."

M'mawa Felesita anadzuka mawu atasasa. Anati n'chimfine.

Usiku wotsatira kanalankhulanso, ndipo kasanamalize n'komwe kanayambiranso, ngati anthu akulowa motsatana. Nasoni anagona chagada, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho, akumvetsera. Anamva mphasa ya pabalaza ikuti tswa, tswa, monga imachitira munthu akamakhala pansi mosamala. Kenako zii.

Masiku akupita, nyumba inayamba kuchepa. Munalibe chinthu chatsopano, koma munthu ukalowa unkayenda chammbali osadziwa chifukwa chake. Madzi otunga madzulo ankapezeka atatsika mumtsuko. Mchere unkatha. Mawu a Felesita anatsika n'kukhala manong'onong'o, thupi likutha ngati sopo wa m'bafa. Kuchipatala anamuyeza malungo, anamuyeza magazi, anamuunika kukhosi, osapeza kanthu. Kuchitsime amayi anayamba kunong'onezana. Ena ankati wadyetsedwa, ena ankati Nasoni wakhwimira fodya ndipo wapereka mkazi. Ezeliya, mkulu wake wa Felesita, anabwera kuchokera ku Kabudula kudzadwazika, ndipo ankamuyang'ana Nasoni ndi diso la m'mbali.

Tsiku lina chakumadzulo Nasoni anapeza mkazi wake atadzipanikiza pakona pa mphasa, miyendo atapinda, mphasa yonse ili yopanda munthu.

"Bwanji osatambasula miyendo?"

Felesita anamukodola kuti awerame. Mpweya wake unali wozizira pakhutu.

"Malo achepa," ananong'ona. "Alendo achuluka, abambo a Rute. Makapu sakukwana. Aliyense akufuna ndimulonjere, ndipo ndatopa."

Kutacha Nasoni anazula kabokosiko, n'kupalasa njinga mpaka pa Nsaru. Anakaponya pakauntala, pakati pa mabotolo a mafuta ophikira.

"Che Twaibu, mwandigulitsa chiyani? Kakumangobwebweta usiku wonse, chitseko chili chotseka!"

"Pepani achimwene, khalani pansi kaye." Twaibu anakatembenuza, anadutsitsa dzanja kutsogolo kwa diso lija, mawu a Felesita n'kudzaza shopu. Anabweza dzanja, belu n'kulira. "Kali bwinobwino aka. Mwina ndi makoswe. Khoswe akalowa kalankhula, akatuluka kaliza belu. Ine kanga kali apoka ndimakadalira potseka shopu. Ndikamva mawu koma belu osalimva, ndimadziwa kuti wina wabisala kuseri kwa matumba a shuga. Kwanuko belu limalira nthawi yanji? Chakum'bandakucha?"

Nasoni anakumbukira mausiku onse aja ali maso mpaka tambala. Mawu olandira alendo anawamva mpaka kutopa nawo. Belu sanalimvepo ngakhale kamodzi.

Twaibu anasiya kumwetulira. Anakankhira kabokosiko kwa mwini wake ndi nsonga ya chala.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "ine ndimangogulitsa. Koma ngati ali mkati, kuzula aka sikuwatulutsa ayi."

Pobwerera, Nasoni ankapalasa mosaona njira. Akakaphwanya, mkazi wake atsala nawo m'nyumbamo mpaka amumalize. Ndipo ankadziwa chimene chinkawasunga. Mlendo amene wamulandira, wamukhazika pamphasa, sanyamuka yekha ngati galu. Amadikira mwini nyumba amuperekeze.

Anakakhomanso kabokosiko pamalo pake. Kutada, anagwada pafupi ndi mkazi wake, amene tsopano milomo yokha ndiyo inkagwedera.

"Amake Rute, mundimvetse. Kuyambira lero, odi wa munthu amene simukumuona ndi maso, musayankhe. Ngakhale mawu ake muwadziwe bwanji. Mwamva?"

Felesita anaphethira.

"Alamu, mwamva inunso? Ndikatuluka mutseke."

"Mukupita kuti usiku uno, mkazi ali chonchi?" anafunsa Ezeliya mokalipa, koma monong'ona.

"Kukaperekeza alendo."

Anachotsa mpiringidzo, n'kutsegula chitseko chonse. Anaima pakhonde, anawomba m'manja mwaulemu kuloza m'nyumba yake yomwe.

"Zikomo kwambiri potiyendera. Kwada tsopano, ndipo mayi a kuno sakupeza bwino. Tiyeni ndikutulutseni."

Mphasa inati tswa. Belu linalira. Linaliranso. Linapitiriza kulira, mosathamanga, monga anthu otuluka m'tchalitchi, ndipo kulira kulikonse kamphepo konunkha dothi kankamukhudza patsaya. Ezeliya anayamba kupemphera mokweza. Nasoni anadikira mpaka belu litatonthola, n'kutsika pakhonde.

Sanayatse tochi, poti mlendo samuunika kumaso. Anadutsa pachigafa cha fodya, anadutsa m'munda wa mapesi ouma, ndipo kumbuyo kwake mapesiwo ankathyoka pansi pa mapazi ambirimbiri opanda nsapato. Sanacheuke.

Woperekeza amabwerera pamphambano. Aliyense amadziwa zimenezo. Ukapitirira mpaka kwawo kwa mlendo, ndiye kuti mlendo tsopano ndiwe. Atafika pamphambano ya njira ya kuchigayo, Nasoni anaima.

"Ine ndibwerere pano. Muyende bwino."

Mapazi aja anaima. Iye atatembenuka kuloza kwawo, anamva nawonso akutembenuka, akukhwekhwereza m'fumbi. Anaganiza za Felesita ali pakona pa mphasa, miyendo yopinda.

"Chabwino. Tiyeni ndikufikitseni."

Njira imene mapaziwo anamukankhira inali ija yopita kumsitu umene anthu satemako nkhuni. Mitengo yake inaima bii, yakuda kuposa mdima. Atafika m'mphepete, mapazi anayamba kumudutsa mbali zonse, kulowa m'masamba ouma, mpaka kunatsala bata. Ndiye pafupi penipeni ndi phewa lake, mawu a munthu wachikulire, aulemu, anati:

"Mwatilemekeza. Fikani, khalani pansi pang'ono."

Kukana mpando kwa eni ake n'chipongwe.

"Zikomo," anatero Nasoni, n'kukhala.

Anabwerera kunja kukuyera. Sankamvanso kuzizira. Pakhomo pake chitseko chinali chotsegula, utsi ukutuluka kukhitchini, nkhuku zikulowa ndi kutuluka m'nyumba ngati kale, kabokosi kakuzilandira n'kumaziimbira belu. Ndipo mkati anamva chinthu chimene chinamugwetsa misozi. Felesita ankalankhula, mawu ake enieni, athunthu, akupempha phala.

Anakwera pakhonde mothamanga. Pakhomo penipeni mwendo unakana. Anayesa winawo, unakananso, ngati pali khoma. Anatambasula dzanja m'munsi mwa diso lakuda lija, analigwedeza uku ndi uku. Kabokosi kanangokhala chete. Thadzi linadutsa pakati pa miyendo yake, osamupatuka, ndipo mawu a mkazi wake analilandira: "Odini! Lowani, fikani, khalani pansi."

Nasoni anawomba m'manja.

"Odi!"

Mkati supuni inagwa pansi.

"Achemwali, amenewo ndi abambo a Rute!"

Ezeliya anabwera pakhomo, chitenje akumanga m'chiuno. Anaima pafupi moti Nasoni ankaona ulusi wa duku lake. Anayang'ana kumango, anayang'ana kuchigafa, anayang'ana njira yonse ya kumphambano kudzera pankhope pake penipeni.

"Palibe munthu kuno."

"Odi, amake Rute! Ndine!"

Anamva mkazi wake akukoka mpweya kuti ayankhe. Ezeliya anathamangira mkati.

"Iwe Felesita! Anakuuza chiyani amuna ako dzulo? Ukumuona munthuyo?"

Kenako Nasoni anamva mkazi wake akulira chapansipansi, atadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri, ndipo Ezeliya anakankha chitseko n'kubwezera mpiringidzo.